Ndimuletse chiyani, ndimulole chiyani? Kulera mwana amene ali ndi cystic fibrosis

Funso

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6, ndipo anamupeza ndi cystic fibrosis, matenda obadwa nawo amene amalimbitsa makhololo m'mapapo, ali ndi miyezi 4. Chiyambireni sindinamulolepo kusewera padothi, kusambira kapena kukagona kwa abale. Mlendo akangotsokomola ndimamunyamula mwanayo kupita naye kuchipinda. Tsopano wafika poyamba sukulu, koma ine ndikufuna ndizimuphunzitsira pakhomo. Bambo ake akuti ndikumulanda ubwana wake, ndipo takanganapo kangapo. Dzulo mwanayo anandifunsa chifukwa chimene achimwene ake amatuluka kukasewera iye n'kumatsala. Ndinasowa chonena. Kodi malire ake ali pati?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi pamene pagona mtima wanu: mwanayo apite kusukulu. Ngati madokotala amene amamuona nthawi zonse sanapeze chifukwa chapadera chomukhazikira pakhomo, cystic fibrosis payokha si chifukwa chomumanira kalasi, anzake ndi bwalo losewerera. Sindikunena kuti zaka zonsezi mwakhala mukulakwitsa, kapena kuti bambo ake apambana mkangano. Mwana amene wafika zaka 6 ndi matendawa wafika pamenepo chifukwa pali munthu amene amalawirira m'mamawa kumupatsa mankhwala ndi kumupanga mafizo, ndipo ndikukhulupirira kuti munthuyo ndinu. Vuto n'lakuti mantha sasankha. Amaika dothi, mvula, chimfine cha mnzake ndi utsi wa fodya pa mlingo umodzi, pamene kuopsa kwa zinthu zimenezi n'kosiyana kutalitali. Zoyenera kuletsa n'zochepa, ndipo pa zimenezo musagonje. Zambiri mwa zotsalazo n'zimene mapapo ake akufuna.

Kuti muone chifukwa chake ndikutero, tiyambe ndi mmene matendawa amagwirira m'thupi. M'kati mwa njira za mpweya muli puloteni yotchedwa CFTR, imene imatulutsa mchere m'maselo kuti madzi atsatire n'kunyowetsa mamina opyapyala amene amakuta njirazo. Jini yopanga puloteni imeneyi, kutanthauza kachidutswa ka chibadwa kamene mwana amatengera kwa makolo ake, anaipeza mu 1989 magulu a Lap-Chee Tsui, John Riordan ndi Francis Collins. Mwana wanu anatengera jini yolakwika kwa inu ndi ina kwa bambo ake, nonse osadziwa, ndipo palibe wolakwa pamenepa. Zotsatira zake n'zakuti mamina ndi makhololo ake ndi olimba, omata. Tonsefe timapuma tizilombo tsiku lililonse, m'nyumba ndi panja pomwe. Mwa munthu wina aliyense tizilomboto timakodwa m'mamina aja, tiubweya ting'onoting'ono ta m'njira za mpweya n'kukankhira zonse kukhosi, mwiniwake osazindikira n'komwe. Mwa mwana wanu zimatsakamira, tizilombo n'kupeza pokhala. Ndiye kuti vuto lake lalikulu silili pa kulowa kwa tizilombo, kumene palibe angakuletseretu. Lili pa kutuluka kwake.

Choncho chitetezo chake chenicheni chili mu ntchito imene mukuigwira kale m'mawa ndi madzulo: mafizo a pachifuwa otulutsa makhololo, madzi amchere opumira pa nebulizer (kamakina kosandutsa mankhwala kukhala nthunzi yopumira), mankhwala ofewetsa makhololo a dornase alfa ngati anamulembera, makapisozi a ma enzyme othandiza kugaya chakudya pa chakudya chilichonse chokhala ndi mafuta, mavitamini A, D, E ndi K, ndiponso kupita ku kiliniki miyezi 3 iliyonse kukayezetsa sikelo, mapapo ndi makhololo. Mwana amene akuchita zimenezi mosadumphitsa, ngakhale azisewera panja mpaka kuda bii, ndi wotetezeka kuposa mwana waukhondo wosatuluka m'nyumba amene mafizo amapanga mwa apo ndi apo. Komanso mphamvu za kholo zimatha. Mukazithera pa kupukuta zitseko ndi kulondera alendo, madzulo mumafika pa mafizo mutatheratu, mwana naye atatopa ndi mawu akuti “ayi”, ndipo mkangano umabuka pa chinthu chimodzi chimene simuyenera kugonjapo.

Madokotala a m'mbuyomu anaiyesa kale njira yoletsa ndi kutchinga. M'zaka za m'ma 1960 ana ambiri a matendawa ku America ankagonekedwa usiku uliwonse m'timatenti ta pulasitiki todzaza nthunzi, poganiza kuti chinyezi chifewetsa makhololo. Makolo ankachita zimenezi mokhulupirika kwa zaka, ana n'kumadzuka atanyowa, osatha kukagona kwina kulikonse. Atafufuza bwino anapeza kuti sizinkathandiza, ndipo m'ma 1970 zinasiyidwa. Nkhani ya mafuta ndi yowawa kuposa imeneyi. Mwa ana a cystic fibrosis pafupifupi 85 pa 100 alionse, kapamba satumiza m'matumbo timadzi togaya chakudya, choncho zamafuta zinkawatsegula m'mimba, ndipo zipatala zambiri zinkangowaletsa. Chipatala cha ana cha ku Toronto, ku Canada, chinatsata njira ina: ana adye zamafuta mokwanira, ma enzyme awonjezedwe. Kafukufuku amene anatuluka mu 1988 anayerekezera odwala a ku Toronto ndi a ku Boston, ku America, kumene mafuta ankachepetsedwabe. A ku Toronto anali okula bwino m'thupi, ndipo msinkhu umene theka la odwala linkafika unali zaka 30, pamene ku Boston unali zaka 21. Chiletso chija chinaikidwa ndi anthu okonda ana, ndipo chinkaoneka chanzeru. N'chifukwa chake ine chiletso chilichonse ndimachifunsa mafunso atatu: chikuteteza ku kachilombo kati, umboni wake ndi wotani, ndipo mwana akutayapo chiyani?

Chiletso chimene chimayankha bwino mafunso onsewa chimadabwitsa makolo ambiri. Munthu woopsa kwambiri kwa mwana wanu si mnzake wa chimfine m'kalasi ayi, koma munthu wina amene ali ndi cystic fibrosis. Mabakiteriya amene akhazikika m'mapapo a wodwala mmodzi amakhala atazolowera kale mapapo otere, ndipo ena samvanso mankhwala. M'ma 1980 zipatala zinayamba kuona odwala ena akufooka mwamsanga atagwidwa ndi Burkholderia cepacia, kenako zinadziwika kuti ankapatsirana pocheza, m'mawodi, komanso m'misasa ya patchuthi imene inkakonzedwa kuti ana a matendawa asangalale limodzi. Misasa imeneyo inatsekedwa m'ma 1990. Malangizo a 2013 a bungwe la ku America la Cystic Fibrosis Foundation amati anthu awiri a matendawa azitalikirana mamita pafupifupi 2 kulikonse kumene ali, kaya m'makhololo mwawo munapezeka kachilombo kaya ayi, kupatula okhala nyumba imodzi. N'chifukwa chake ku kiliniki amamuveka masiki poyenda m'makonde, ndipo simuyenera kumulola kusewera ndi ana ena odikira nawo pamzere. Lamulo limeneli limandipweteka mtima nthawi zonse ndikamalifotokoza, chifukwa limalekanitsa mwana ndi anthu okhawo amene angamumvetse popanda kuwalongosolera. Akadzakula, kucheza nawo pafoni kapena pa intaneti kumathandiza kwambiri. Koma taonani mbali inayo: ana ena onse amene alibe matendawa angathe kukhala naye desiki imodzi, kugwirana naye manja, kunong'onezana naye. Iye sangawapatsire cystic fibrosis, chifukwa ndi matenda obadwa nawo.

Kenako pali utsi wa fodya, ndipo apa sindilola zoti “amasutira pawindo”. M'nyumba ayi, m'galimoto ayi, kwa agogo ayi. Ndimaona mabanja amene amaletsa mwana kugwira dothi koma amachita manyazi kuuza amalume kuti azimitse ndudu. Manyazi amenewo muwasiye, chifukwa kuti utsi umawononga mapapo a ana otere n'zosakayikitsa. Ndudu zamagetsi n'chimodzimodzi. Katemera yense wa ana alandire pa nthawi yake, kuphatikizapo wa fuluwenza chaka ndi chaka, ndipo a m'nyumba monse azibayitsa nawo.

Pa nkhani ya madzi m'pamene makolo ambiri amasokonezeka, chifukwa anamva dzina lakuti Pseudomonas aeruginosa n'kuuzidwa kuti amakhala m'madzi. N'zoona, koma madzi amasiyana. Bakiteriya ameneyu amakonda madzi ofunda, osayenda, ndi malo achinyezi osauma. Oopsa kwambiri ndi mabafa otentha otumphuka thovu aja otchedwa jacuzzi. Madzi ake amaoneka oyera mbee, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo thovulo limamwaza timadontho timene munthu amakokera m'mapapo akamapuma. Amenewo asalowemo, ngakhale kukhala m'mphepete mwake. Zithaphwi zokhalitsa zobiriwira, madzi a m'thanki ya nsomba, madzi ogonera m'botolo la maluwa, ndi zidole zosambira nazo zimene zimamwa madzi n'kuwasunga m'kati, zonsezi azitalikire. Koma m'dziwe losambiramo lothiridwa klorini ndi kusamalidwa bwino, kapena m'nyanja yamchere, angathe kusambira, ndipo kusambira ndi amodzi mwa masewera abwino zedi pa mapapo. Mvula ikamupeza panjira palibe chimene chawonongeka. Chinthu chonyowa chimene ndimachiopa koposa m'nyumba mwanu ndi nebulizer yake yomweyo, chifukwa ntchito yake ndi kulowetsa zimene zili m'kati mwake mpaka pansi pa mapapo. Muziimasula ndi kuitsuka mukangomaliza kuigwiritsa ntchito, muzipha tizilombo monga anakuphunzitsirani ku kiliniki, n'kuisiya iume yokha kotheratu musanaisunge. Mphamvu zimene mumathera pokolopa nyumba kawirikawiri muzisamutsire pamenepo.

Dothi nalo lili ndi mbali ziwiri. Chimene timaopa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus, imene imachuluka m'zinthu zowola: mulu wa manyowa, masamba onyowa owunjikana, udzu wovunda, makola a ziweto ndi a mbalame, makoma achinyezi, ndi fumbi la nyumba imene ikugumulidwa. Ana ena matupi awo amalimbana nayo mopyola muyeso, n'kuyamba kubanika ngati a mphumu. Choncho asatembenuze manyowa, asasese khola, asasewere pamalo pamene akumanga. Koma kukumba mchenga, kuthamanga pa kapinga, kukwera mtengo, kudzala duwa, kugwa n'kusupuka bondo, zimenezi n'za mwana aliyense, ndipo akabwerako chofunika ndi sopo ndi madzi basi. Galu kapena mphaka angathe kukhala naye, bola zochotsa ndowe zikhale za wina.

Pali china chimene ndikufuna muchimve tsopano chisanachitike. Ngakhale mutachita zonse bwinobwino, n'zotheka ndithu kuti tsiku lina adzakuimbirani foni kuti m'makhololo ake mwapezeka Pseudomonas. Amakhala m'masinki, m'mipopi ndi m'nthaka, amagwira ana a makolo osamala kwambiri monganso ana ena onse, ndipo nthawi zambiri palibe angaloze kumene wachokera. Tsiku limenelo musadzayambe kuwerenga masiku cham'mbuyo kufunafuna tsiku limene munamulola kutuluka. Chofunika n'chakuti apezeke msanga, ndipo n'chifukwa chake makhololo amayezedwa pafupipafupi ngakhale mwana ali bwino. Akapezeka koyamba, mankhwala opumira monga tobramycin kwa masiku 28 amamuchotsa mwa ana ambiri asanakhazikike. Kusaphonya tsiku la kiliniki kumamuteteza kwa bakiteriya ameneyu kuposa kumutsekera m'nyumba.

Nanga chimfine cha kusukulu? Sindikunamizani: chaka choyamba adzadwala chimfine kangapo, monga amachitira mwana aliyense amene wayamba kumene kukhala pagulu, ndipo kwa iye chimfine chimatha kutsikira m'chifuwa n'kufuna maantibayotiki, nthawi zina mpaka kugonekedwa. Vuto limeneli lilipodi. Koma kumusunga pakhomo sikulithetsa. Achimwene ake amapita kusukulu n'kubwera nacho, bambo ake amachokera kuntchito, inunso mumatuluka. Mungachepetseko pang'ono, koma mwana n'kutayapo ubwana wake wonse. Chimene chimathandiza ndi kusamba m'manja, kusabwerekana botolo la madzi, kusakumbatirana ndi munthu amene akuonekeratu kuti wadwala, ndiponso kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ndi madokotala ake yonena zochita chifuwa chikasintha. Inu mukudziwa katsokomoledwe kake kuposa dokotala aliyense. Chifuwa chikachuluka kapena kuyamba kumveka chonyowa, makhololo akasintha mtundu, akasiya kudya, akamatopa msanga, akamatsika sikelo, imbani foni osadikira tsiku la kiliniki, ndipo onjezerani mafizo. Magazi m'makhololo, kupuma movutikira, kapena kupweteka kwambiri kwa m'mimba pamodzi ndi kusanza kapena kulephera kuchita chimbudzi, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Fuluwenza kapena katsabola akabuka m'kalasi mwake, funsani madokotala ake. Kukhala pakhomo masiku ochepa pa chifukwa chodziwika n'kosiyana ndi kukhala pakhomo zaka zonse.

Kuthamanga kumene mwakhala mukumuletsa kumamuthandiza kuchotsa makhololo. Mwana akamathamanga, kudumpha chingwe, kupalasa njinga, kuseka mpaka kutsokomola, mpweya umalowa mwamphamvu m'tinjira ting'onoting'ono n'kugwedeza zimene zamatirira. Mu 1992 Patricia Nixon ndi anzake ku Pittsburgh anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala 109 kwa zaka 8. Mwa amene anali olimba kwambiri pa masewera, 83 pa 100 alionse anali moyo pakutha pa zakazo, pamene mwa ofooka kwambiri anali 28 okha. Kafukufuku wotere satsimikiza kuti masewera okha ndiwo anawasunga, koma lero palibe katswiri wa matendawa amene angakuuzeni kuti mwana azingokhala pansi. Akatsokomola pakati pa masewera musamuimitse ndi nkhope ya mantha, ndiye kuti zikutuluka. Chosamala ndi mchere. Thukuta lake lili ndi mchere wambiri kuposa la anzake, monga mumamvera mukamupsompsona pamphumi. Zimenezi zinadziwika pambuyo pa kutentha koopsa kwa mu 1948 ku New York, pamene ana angapo a matendawa anafika kuchipatala atafookeratu, ndipo mu 1953 Paul di Sant'Agnese anasonyeza chifukwa chake. Kukatentha kapena akamasewera kwambiri azimwa madzi asanamve ludzu, ndipo madokotala ake akuuzeni mlingo wa mchere wowonjezera. Masewera salowa m'malo mwa mafizo, pokhapokha dokotala wa mafizo atanena yekha.

Sukulu isanatsegulidwe, pitani nonse awiri mukakumane ndi mphunzitsi wamkulu ndi mphunzitsi wa kalasi yake, mutatenga kalata ya dokotala. Funso loyamba n'lakuti kodi pasukulupo pali wina wa cystic fibrosis, mwana kapena wamkulu. Ngati alipo, asakhale kalasi imodzi kapena kudyera pamodzi. Kenako mukambirane tinthu ting'onoting'ono timene timapweteka mwana tikapanda kukambidwa. Aziloledwa kupita kuchimbudzi osapempha pamaso pa kalasi yonse, chifukwa m'mimba mwake simudikira. Botolo la madzi likhale pa desiki. Ma enzyme azimwa poyamba kudya, osati patapita ola lathunthu chifukwa wosunga kiyi wa kabati wachokapo. Aphunzitsi adziwe kuti chifuwa chake cha masiku onse si chopatsirana, kuti asamutulutse m'kalasi kapena kumuuza kuti asiye kutsokomola. Mwana amene waphunzira kumeza chifuwa chifukwa cha manyazi akudzivulaza. Pa masewera ndi maulendo a sukulu asamusiye pomumvera chisoni. Akajomba chifukwa chogonekedwa, ntchito ya m'kalasi izimupeza kumene ali. Zoti anzake auzidwe chiyani, mufunseni mwiniwake. Pa zaka 6 ana ambiri savutika kunena kuti “awa ndi mankhwala ondithandiza kugaya chakudya”, anzawo n'kupitiriza kudya.

Tsopano mbali imene siioneka pa makina oyezera mapapo. Mu 1964 madokotala awiri, Morris Green ndi Albert Solnit, analemba za ana amene makolo awo panthawi ina anakhulupirira kuti mwanayo amwalira. Ngakhale ngozi itadutsa, makolowo ankamuonabe ngati wapangozi: osamusiya ndi munthu wina aliyense, osamudzudzula, kudzuka usiku kukaona ngati akupuma. Anawo ankakula ovutika kusiyana ndi amayi awo, oopa matupi awo omwe, ena osamvera aliyense. Cystic fibrosis ndi matenda enieni osatha, choncho nkhawa yanu si yopeka. Koma mwana amadziona mmene inu mumamuonera. Akamamva tsiku ndi tsiku kuti panja n'poopsa, adzakhulupirira n'kukhala wamantha, kapena tsiku lina adzagalukira zonse pamodzi, ziletso zopanda pake ndi mankhwala omwe. Pa msinkhu wachinyamata m'pamene odwala ambiri amayamba kuzemba mankhwala, ndipo amene anakula akudziwa kuti malamulo a mayi ake ndi ochepa koma lililonse lili ndi chifukwa chake amakhala ndi pogwira. Choncho akalakwa mudzudzuleni monga mumachitira ndi achimwene ake. Azigwira ntchito zapakhomo za msinkhu wake. Pa nthawi ya chakudya musamuchonderere kapena kumuopseza ndi chipatala. Muikireni chakudya chopatsa mphamvu zambiri, muyamikireni akadya, nthawi ikatha chotsani mbale, ndipo ngati sakukwera sikelo, katswiri wa zakudya ku kiliniki ndiye akuthandizeni.

Funso limene anakufunsani dzulo liyankheni, ndipo mumuuze zoona za msinkhu wake. Mungamuuze kuti: “Makhololo ako ndi omata kuposa a achimwene ako, n'chifukwa chake timapanga mafizo ndi kumwa mankhwala. Ndinkaopa kuti ukatuluka udwala, koma ndafunsa, ndipo ukhoza kukasewera. Pali zinthu zochepa zimene sitichita, ndikuphunzitsa.” Mwana wa zaka 6 angathe kuwerenga makapisozi ake inu mukuona, kulumikiza zidutswa za nebulizer, ndi kusankha ngati mafizo ayambe asanasambe kapena atasamba. Zoti mafizo achitike si zosankha, koma malo ake, nyimbo yomvera ndi munthu womuthandiza asankhe yekha. Pofika zaka 10 kapena 12 adziwe mayina a mankhwala ake ndi ntchito yake, ndipo ku kiliniki aziyamba ndi iye kuyankha adokotala inu musanalankhule. Zokagona kwa abale ziyambe ndi usiku umodzi, kwa munthu amene mwamuphunzitsa nokha, m'nyumba yopanda wosuta, mankhwala atalembedwa papepala.

Bambo ake akunena zoona kuti mwanayo akufunika kutuluka, koma kholo limene likufuna kuti mwana amasuke liyenera kusenza nawo ntchito imene imachititsa kuti kumasukako kutheke. Ngati sapanga nawo mafizo, ayambe, ndipo masiku ena akhale awoawo. Azipita nawo ku kiliniki kuti azikamva okha. Kawirikawiri kholo limene limaopa kwambiri ndi limene linasiyiridwa udindo wonse, ndipo mantha amachepa ntchito ikagawidwa. Mnyamata wanunso musamuiwale. Abale a ana odwala amaphunzira msanga kusadandaula, ndipo ena amadziimba mlandu mumtima akabwera ndi chimfine kunyumba. Musamuike kukhala mlonda wa mlongo wake, ndipo azipezako nthawi yakeyake ndi inu.

Inu nomwe, Mayi, mumagona bwanji? Kafukufuku wamkulu wotchedwa TIDES, amene anachitika m'mayiko 9 n'kufalitsidwa mu 2014, anapeza zizindikiro za nkhawa yopyola muyeso mwa amayi 48 pa 100 alionse olera ana a cystic fibrosis, ndi za kuvutika maganizo mwa amayi 37. Kwa abambo manambala ake anali 36 ndi 31. N'chifukwa chake malangizo a ku America ndi ku Ulaya tsopano amati makolo nawonso azifunsidwa za thanzi la maganizo awo chaka chilichonse, chimodzimodzi mwana akafika zaka 12. Ngati mtima umathamanga mwana akangotsokomola, ngati tulo sitibwera, ngati mumatsuka chinthu chimodzi mobwerezabwereza, kaneneni ku kiliniki komweko. Nkhawa yotere imachizika, ndipo ikachepa mudzatha kusiyanitsa bwino chifuwa chofuna dokotala ndi chifuwa cha masiku onse.

Pamene dokotala wina wa ku America, Dorothy Andersen, ankafotokoza matendawa mu 1938, ambiri ankamwalira akadali makanda, ndipo m'ma 1950 ochepa okha ankafika msinkhu woyamba sukulu. Zambiri zimene anthu amamva za cystic fibrosis n'za nthawi imeneyo. Kaundula wa odwala wa ku America anasonyeza kuti theka la ana obadwa pakati pa 2018 ndi 2022 likuyembekezeka kufika zaka 56 kapena kupitirira. Mbali ina ya kusinthaku yabwera ndi mankhwala othandiza puloteni ya CFTR yeniyeniyo kugwira ntchito: ivacaftor mu 2012, kenako Trikafta mu 2019, amene mu 2023 ku America analoledwa kuperekedwa kwa ana kuyambira zaka 2. Mankhwalawa sagwira pa mitundu yonse ya kulakwika kwa jini, ndipo ndi okwera mtengo moti m'mayiko ambiri sapezeka, choncho funsani mtundu wa jini ya mwana wanu komanso ngati angawalandire. Manambala a dziko limodzi si lonjezo kwa mwana aliyense. Koma zaka za odwala zinayamba kuwonjezeka kalekale mankhwala amenewa asanabwere, chifukwa cha kudya bwino, mafizo, maantibayotiki ndi makiliniki apadera. Mukulera munthu amene muyenera kumukonzekeretsa kudzakhala wamkulu. Adzafuna maphunziro, ntchito, anzake, ndi luso losamala thupi lake inu muli kutali.

Pali nthawi zina zimene mwana amayenera kubwezedwa pang'ono, ndipo zimenezo anene ndi madokotala ake: chifuwa chikavuta kwambiri, akangotuluka m'chipatala, akatsokomola magazi, ngati matenda afika ku chiwindi n'kutupitsa ziwalo za m'mimba, kapena ngati anamuika kachipangizo kolandirira mankhwala pansi pa khungu, pamene masewera ogundana amafuna kusamala. Ziletso zotere zimakhala ndi chifukwa chotchulika, ndipo zambiri zimakhala ndi tsiku lothera.

Musamasule zonse tsiku limodzi, mtima wanu sungapirire. Lembani papepala zonse zimene mumamuletsa panopa, ngakhale zimene mukuchita nazo manyazi, mupite nazo ku kiliniki limodzi ndi bambo ake, ndipo namwino kapena dokotala achonge chimodzichimodzi: ichi chikhale, ichi chichoke, ichi chitheka mukasamala mwakutimwakuti. Pa zochotsedwazo sankhani chimodzi sabata ino, china sabata yamawa, kuti pofika tsiku lotsegulira sukulu akhale atazolowera kale kusewera ndi ana ena, kusamba m'manja payekha ndi kumwa ma enzyme musanamukumbutse. Mupemphenso kuti amuyeze makhololo ndi sikelo sukulu isanayambe, kuti chifuwa choyamba cha temu chikadzabwera mudzakhale ndi poyerekezera, ndipo mutenge nambala ya foni yoimba kukada kapena kumapeto kwa sabata.